Mkono wa Mkwatibwi

"Kweza mkono, mwana wanga, mapiniwa angakubaye," anatero telala, mapini ena ali kukamwa.

Mkwatibwi anakweza mkono pang'onopang'ono. Diresi loyera linamukhala bwino, kunangotsala kusokerera manja. Azakhali ake, amene anamulera makolo ake atamwalira, anakhala pafupi ndi makina osokera akudzikupiza ndi kachikatoni. Mawa lake kutchalitchi amakalengeza ukwatiwo komaliza.

Telala anasiya kuyeza. Pamwamba pa chigongono cha mtsikanayo panali madontho akuda, ondondozana ngati zala za munthu.

"Ichi n'chiyani?"

"Anadzigunda pachitseko," azakhali anayankha msanga. "Ingosokani manja aatali. Mkazi wa mlaliki sayenda mikono ili pamtunda."

"Chitseko cha kwanu chili ndi zala?" anafunsa telala, akulavulira mapini m'dzanja.

Mkwatibwi anaphimba madonthowo ndi dzanja. Mwamuna amene amati amukwatireyo anali mlaliki wachinyamata, wa mawu oti akayamba kupemphera amayi ankalira. Tsiku lina mapemphero atatha anamuitanira pambali, n'kumuuza monong'ona kuti anasala kudya ndipo Mulungu anamuonetsa nkhope yake. Mtsikanayo anapita kunyumba ngati akuuluka. Kusankhidwa kumwamba! Akanafunanso chiyani?

Koma chivomerereni, akagwada kuti apempherere banjalo mtima unkachita zii. Ndiye panali loto limene silinkamusiya. Ankalowa m'nyumba yokongola ya maluwa pakhonde, chitseko n'kutsekeka, iye potembenuka n'kupeza kuti m'katimo mulibe chotsegulira. Lotolo analibisa mpaka sabata yathayi, pamene analiulula kwa mlalikiyo. Iye anamugwira mkono, kufinya mpaka misozi. "Maloto akowo ndi a mdyerekezi," anatero. "Mulungu analankhula kale, ndipo analankhula ndi ine." Kenako anamupempherera mokoma, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu.

"Azakhali," anatero mkwatibwi tsopano, "sichinali chitseko. Mukudziwa."

"Khala chete, iwe! Banja ndi kupirira. Munthu wa Mulungu anaona masomphenya, iwe ndiwe yani?"

"Ndine mwini nkhope anaionayo. Ngati Mulungu anakonza zoti ndikwatiwe, bwanji anauza iye yekha? Kwathu sakudziwako?"

Telala anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mwanayu ali ndi pakamwa!"

"Musamulimbikitse, mayi. Akuchitira mwano Mulungu."

"Sindikuchita mwano. Ndinamupempha Mulungu kuti ngati njirayi si yake andionetse. Anandichotsera mtendere, ndinati ndi mantha a utsikana. Anandipatsa loto, ndinati ndinagona chagada. Lero walemba pamkono panga, inu mukuti tiphimbe ndi nsalu. Mukufuna alankhule bwanji, azakhali? Pamanda panga?"

"Chikomekome cha mkuyu," telala anang'ung'udza, "m'kati muli nyerere."

Panja panamveka hutala ya galimoto. Azakhali anadzidzimuka.

"Mlaliki wabwera kudzatitenga. Tamvera, mwanawe. Anthu tawaitana kale, kwaya yaphunzira nyimbo. Ukandichititsa manyazi, kunyumba kwanga usakapondenso."

Mawuwo anamulasa mkwatibwi, chifukwa analibe kwina kolowera. Anayang'ana pagalasi lalitali la pakhoma. Munali mtsikana wokongola ndithu, yemwe uja ankamulota kuyambira ali mwana. Anamuyang'anitsitsa kanthawi, kenako anapita kuseri kwa katani n'kuyamba kuzula mapini.

Potuluka atavala zovala zake, anapeza mlaliki ataima pakhomo, jekete lili paphewa, akumwetulira.

"Mwaswera bwanji, amayi? Nanga wokondedwa wanga, diresi lakwana?"

"Diresi lakwana. Ukwati ndiye sunakwane."

Kumwetulira kuja kunatsala pamilomo pokha. "Watopa. Tiye tikakambirane m'galimoto."

"Tikambirane pompano, pali anthu."

"Ukukana mawu a Mulungu?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mawu a Mulungu ndimawawerenga. Amati mudzawadziwa ndi zipatso zawo." Anapinda dzanja la bulauzi mpaka paphewa. "Chipatso chanu ndi ichi."

Mlaliki anatambasula dzanja kuti amugwire. Telala, mayi wamkulu thupi, anadzuka sizasi ili m'manja, osati moopseza, anangoima pakati pawo.

"Bambo mlaliki, muno timagwira nsalu zokha."

Amayi awiri amene amadikira zovala zawo pabenchi la pakhonde anali atasuzumira kale pazenera. Mlaliki anawaona. Anabweza dzanja n'kukonza tayi.

"Ndidzakupempherera," anatero. "Mzimu wa kusamvera wakugwira."

"Pemphererani dzanja lanulo," anatero mkwatibwi.

Anadutsa pambali pa mlalikiyo n'kutuluka. Azakhali anamuitana kawiri, koma sanacheuke. Telala anafuula kumbuyo kwake kuti akasowa pogona abwerere, kuseri kwa shopu kuli kachipinda.

Dzuwa linali likuswa mtengo. Galimoto iliyonse ikamadutsa, mtsikanayo ankasendera m'mbali osayang'ana. Anadutsa pogulitsira makala, anawoloka msewu, anakalowa pageti la tchalitchi. M'katimo kwaya inkayeserera nyimbo ya ukwati wake womwe, ndipo mtsikana wina anamukupizira dzanja pazenera. Iye anazungulira kuseri, kunyumba ya abusa, n'kugogoda.

Anatsegula ndi amayi busa, manja ali thovu la sopo.

"Mkwatibwi wathu! Wabwera kudzakonza za chilengezo cha mawa?"

"Ayi, mayi," anatero, akupukuta thukuta pamphumi. "Ndabwera kudzachiletsa. Abusa alipo?"

Amayi busa anayang'ana nkhope yake, anayang'ana mkono uja. Anapukuta manja pachitenje n'kutsegula chitseko chonse.

"Lowa, mwana wanga. Ndikawaitane."