Dzanja la ba Liseli

Keziah anali m'chaka chachiwiri cha unamwino mu Livingstone. Loweruka lina anzake a m'kalasi anapita kukakwera boti pa Zambezi, iye n'kutsala ku wodi ya amayi, pakuti inali sabata yomuyesa ntchito.

Sisita Maambo, mkulu wa wodiyo, anamusiyira ba Liseli, mayi wachikulire wa ku Malota amene anali pa diripi.

"Uziyang'ana dzanja ili. Likayamba kutupa, undiitane."

Sisita atangochoka, foni inanjenjemera m'thumba la yunifolomu. Keziah anati angosuzumira. Anaima kuseri kwa katani n'kutsegula gulu la anzake. Zithunzi zinali mbwee: wina akuvina m'boti, wina akuloza mvuu. Anayankha uyu, anaseka za uyo, anabwereza kavidiyo kufuna kuona amene wakhala pafupi ndi Jeffrey, mnyamata amene ankamufuna mumtima.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi mawu a Sisita.

"Keziah! Bwera uone."

Singano inali itachoka mumtsempha, madzi akulowa m'mnofu. Dzanja la ba Liseli linali litafufuma mpaka m'chigongono, khungu lili phuliphuli.

"Unali kuti?"

Foni ya Keziah inalira m'thumba, wodi yonse n'kumva.

"Musamukalipire mwana, ba Sisita," anatero ba Liseli. "Ni ine sininakambe. Ninagona."

Koma Keziah anakumbukira kuti ali kuseri kuja anamvadi mawu otsika akuti, "Ba nesi, ba nesi," ndipo mumtima anati adikire kavidiyoko kathe. Bodza la mayiyo linamuwawa kuposa kukalipa kwa Sisita.

"Anaitana, Sisita," anatero akuyang'ana pansi. "Ndinamva."

Sisita anachotsa singano, nauza Keziah kuti atenge nsalu yofunda. Keziah anakhala pambali pa bedi akuthowa dzanjalo, osatha kuyang'ana mwini wake kumaso.

"Zinali zabwino zimene unali kuona?" anafunsa ba Liseli mosanyoza.

"Iyayi, amayi."

Dzanja linaphwa Lolemba ndipo ba Liseli anatuluka. Keziah anauzidwa kuti wodiyo aibwereza, anzake akupita ku gawo la azamba. Atafika kunyumba amayi ake anafunsa chifukwa chake. Keziah anayamba kunena kuti Sisita Maambo ngovuta, kenaka analeka, nakhala pansi n'kufotokoza zonse.