Mayi wa Nsapato Imodzi

Pa kampani ina yopanga sopo anthu anaiwala kalekale dzina lawo lenileni, onse ankangoti a Pakamwa. Sopo akakwera mtengo, okafotokoza pa wailesi anali iwo. Utsi ukadetsa zovala za anthu pa zingwe, okaseka ndi atolankhani anali iwo omwewo. Imvi zinawamerera pa mpando umenewo.

Kenako bwana anabweretsa mphunzitsi wa magalasi akuluakulu kuti aphunzitse antchito kalankhulidwe ka pa nthawi ya ngozi. Masiku ano ngakhale chisoni chimafuna satifiketi.

"Osanena kuti pepani, chifukwa pepani n'kuvomera mlandu," anatero mphunzitsiyo. "Muziti: tamva, tikufufuza, mitima yathu ili nanu. Ndipo munthu wolira muzimuyang'ana pamphuno, osati m'maso. Maso amakoka."

Anawachenjezanso kuti tsiku lina, mosawauza, adzabwera ndi anthu a zisudzo, ena olira, ena onamizira utolankhani, kuti aone amene phunziro lamulowa. Potuluka, bwana anagwira a Pakamwa paphewa.

"Akulu, mayeso amenewa musadzalephere. Pali ana a madigiri amene akuusirira mpando uja."

Kunyumba a Pakamwa anapeza akazi awo akusita.

"Mayi a ana, tayesani kulira. Tinene kuti amuna anu apsa ku ntchito."

"Mukapsa inu, ine ndiyamba ndagona kaye tulo topanda mkonono."

"Tamva, tikufufuza, mitima yathu ili nanu."

"Nanga mukundiyang'ana pamphuno bwanji? Pali ntchentche?"

Kuyambira pamenepo dziko linawasandukira sewero. Munthu wofunsa njira pa geti ankamukayikira. Wosesa akatsokomola, iwo ankati zayambika. Masana, fani ikamazungulira mwaulesi ndipo fungo la sopo likamalowa pa windo, ankasinza n'kumaona thovu likuyandama mu ofesi, m'kati mwa thovu lililonse muli kankhope kolira. Akati akagwire, kankaphulika, m'manja n'kungotsala chinyezi.

Masana ena otentha, ali m'tulo totero, anamva chiphokoso ngati chitseko chachitsulo chamenyetsedwa m'nyumba yakutali. Kenako mapazi othamanga. Atasuzumira pa windo anaona thovu loyera ladzaza bwalo lonse, likuyenda pang'onopang'ono pakati pa malole ngati mitambo yatsika kudzapuma. Anthu ankayenda m'menemo ngati opanda miyendo. Ambulansi inalowa, inatuluka.

"Mpaka kubwereka ambulansi!" anadziuza a Pakamwa, akumanga bwino tayi. "Mphunzitsi wa magalasi uja sachita zinthu mwachibwana."

Mlembi wa bwana anabwera akuthamanga. "Bambo, thanki yowiritsira yaphulika, munthu wapsa. Abwana kulibe. Atolankhani ali pa geti."

"Nawenso akupatsa mbali yako? Usaope, mwanawe."

Anatsika masitepe mopepuka, ngati wina wawanyamula m'khwapa. Pa geti panali anthu atakweza mafoni m'mwamba. Patsogolo pawo panaima mayi wina wochepa thupi, mpango utapendekeka, phazi limodzi lili mu nsapato, linalo lili lokha pa fumbi.

"Amuna anga ali kuti? Amagwira ku thanki. Andiuza kuti apsa. Bambo, ali moyo?"

A Pakamwa anapeza mphuno yake. Inali ndi kachipsera kakang'ono pambali. Mawu anatuluka osalala, osapunthwa paliponse.

"Tamva. Tikufufuza. Mitima yathu ili nanu."

"Ndikufunsa ngati ali moyo!"

"Tikufufuza, mayi."

Mtolankhani wina anayesa kuwakola, wina anawakalipira, koma pepani sanatuluke. Mumtima ankamva mphunzitsi uja akuwomba m'manja kuseri kwa lole ina. Mpando unali wawo. Chisangalalo chinawafewetsa mtima, ndipo anaona kuti mnzawo wa m'sewero naye ayenera kuyamikiridwa. Anaweramira kwa mayi uja akumwetulira.

"Koma mayi, mwaitha. Za nsapato imodzizi munaganiza nokha? Ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira."

Mafoni anali akadali m'mwamba. Apo m'pamene a Pakamwa anaiwala phunziro n'kuyang'ana mayiyo m'maso, ndipo maso aja anakokadi. Fungo limene linkachokera kubwalo silinali la sopo yekha.

Dzuwa lisanalowe, mawu awo anali pa foni m'thumba la munthu aliyense. Mphunzitsi wa magalasi anauza bwana pa foni kuti anthu ake a zisudzo anali asanawapeze n'komwe. M'mawa mwake a Pakamwa anamva pa wailesi mawu a mtsikana wina wa digiri, osalala kuposa awo: "Zimene ananena bambo aja tamva, tikufufuza, mitima yathu ili ndi banjali."

"Wakhoza ameneyo," anatero akazi awo, n'kuzimitsa wailesi. Tsiku limenelo sanawaseke.

A Pakamwa atapita kukatenga katundu wawo ku ofesi, bwana sanawagwirenso paphewa. Potuluka ndi katoni m'manja, anaona nsapato ya pulasitiki mu ngalande ya kunja kwa geti, lamba wake ataduka. Anaitola, anaipukuta ndi tayi.

Kuchipatala anamupeza mayi uja pa benchi ya m'khonde, panja pa chipinda cha anthu opsa, atavala masilipasi obwereka. Mwamuna wake anali moyo, atakulungidwa nsalu zoyera mpaka m'khosi. A Pakamwa anaika nsapato ija pansi, pafupi ndi phazi lake. Panalibenso wowaletsa.

"Pepani, mayi."

Mayiyo anakweza nkhope. Anawayang'ana nthawi yaitali, osati m'maso, koma penapake pamphuno, kenako anabwezera maso ake ku chitseko. A Pakamwa anakhala kumapeto kwa benchi, katoni ili pa maondo. Palibe amene anawathamangitsa, ndipo palibe amene anawafunsa kanthu.