Kachipangizo Kolowa Dzina

Pofika teni koloko, mayi Ezeliya, mlembi wa pasukulu ina kufupi ndi Nambuma, anali atayesa kasanu, koma kompyuta inakanabe kulowa pa intaneti. Mayina a ana a Sitandade 8 ankayenera kutumizidwa tsiku lomwelo isanakwane folo koloko. Kupanda kutero, anawo sakanalemba mayeso chaka chimenecho.

Cholakwa chinali chawo. Lolemba, pofunditsa kompyutayo chitenje kuopa fumbi, anathyola kachipangizo kolumikizira popanda waya, kangati chala, kamene kamalowetsedwa m'mbali. Anagula kena ku Nsaru, koma bokosi la intaneti la mu ofesimo linakakana.

Anaitana a Cornelius, okonza mafoni, anzawo a mukwaya. Iwo anafotokoza kuti kachipangizo kalikonse kamabadwa ndi nambala yake, ndipo bokosilo linauzidwa ya kakale kokha. Amene analiika anali ku tauni, ndipo foni sankayankha.

"Katsopanoka tikapatse nambala ya kakale. Kakaleko kali kuti?" anafunsa a Cornelius.

Mayiwo anawerama. Anali atakataya kudzala mwakachetechete, kuopa manyazi.

A Yonasi, mlonda wokalamba, anali kusesa pakhonde. Anatsamiritsa tsache, nachoka, nabwera ndi bokosi la machesi. M'katimo munali kachipangizo kothyoka kaja, nambala yake ikuonekabe.

"Ndinakatola Lachiwiri," anatero. "Ndimati mwina mudzakafuna."

Sanauze munthu masiku onsewo, ngakhale ahedi.

A Cornelius akulemba nambalayo mu kompyuta, mayi Ezeliya anafunsa motsitsa mawu ngati limenelo silinali bodza.

"Bodza lotani, mayi? Kompyuta ndi yomweyi, sukulu ndi yomweyi. Malume akamwalira, mphwake salowa dzina? Mukadzawapeza a ku tauniwo mudzawauze."

Anamaliza kulemba, koma palibe chinasintha. Anayesanso. Thukuta linayamba kuwatsika a Cornelius, nthabwala zonse zinatha. Mayi Ezeliya anatseka maso, nayamba kupemphera.

A Yonasi, ali chiimire pakhomo, anati kwawo wolowa dzina samutchula ali chikhalire pakati pa anthu. Amayamba wamuchotsa, kenaka nkubwera naye.

A Cornelius anawayang'ana, naseka.

"Akulu akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwati simunakhudzepo kompyuta, eti?"

Anazula kachipangizoko, nazimitsa kompyuta, nadikira, nayatsanso, nkukalowetsa. Kanyali kake kanaphethira kangapo, kenaka kanakhazikika.

Mayi Ezeliya anatumiza mayinawo limodzi limodzi, akulitchula lililonse chamumtima. Lomaliza linapita itangokwana hafu pasiti thu.

A Cornelius atapalasa njinga yawo, mayiwo analowa kwa ahedi nakaulula za chitenje chija. Potuluka anatenga bokosi la machesi lija, nalipereka kwa a Yonasi ndi manja awiri.

"Sungani inu, bambo. Ine ndingatayenso."