Pasipoti ya Agogo Lojze

Mayi wa ku ofesi ya kazembe anandibwezera mapepala anga kachitatu. Kalata ya ubatizo ya agogo Lojze inalipo. Koma kuti ndilandire unzika wa Slovenia, pankafunikanso umboni woti khanda lobatizidwalo ndi munthu yemwe uja anatsika sitima yapamadzi kuno ku Buenos Aires mu 1928.

"Tibweretsereni pasipoti yawo," anatero.

Ndinakwera mabasi awiri mpaka kwa azakhali Zofka, munthu wosataya kanthu, ngakhale batani la malaya.

"Azakhali, pasipoti ya agogo ili kuti?"

"Ija ya Ataliyana? Paja nthawi imeneyo mudzi wathu anali ataulanda, ndiye anawalemba kuti ndi Mtaliyana. Bambo anga, Mtaliyana! Atangofika kuno, pasipotiyo anakolezera moto wootchera nyama, anzawo akuimba."

Ankafotokoza akumwetulira, dzanja lili pamtima.

"Zaka ziwiri ndikutha nsapato m'maofesi, inu osandiuza?"

"Iwe Tomaž, uzinyadira. Zimenezo angachite ndi Msloveniya weniweni yekha. Ukawauze choncho."

Ndinakawauzadi. Mayi uja anagwira pamtima, nati agogo akenso anachita zomwezo. Kenako anandibwezera mapepala anga kachinayi.