Amadamu a ku Mocuba

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ku Bangwe aliyense wotha kugwira choko anasanduka mphunzitsi. Salome, mkazi wa Yona, analowa nawo ndi JC yake yokhayo. Anamupatsa mtengo wa mango ndi ana odzaza mthunzi wonse, otsalawo n'kumakhala padzuwa. Yona anali atachotsedwa ntchito pafakitale ina ku Makata, ndipo ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ku Limbe. Mawailesi ambiri ankachoka m'manja mwake ali chete kuposa mmene anabwerera.

Ndiye kunatulukira a Onesimo. Bambo ameneyu nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ankachita lendi kuseri kwa nyumba yawo, akugulitsa makala. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, ndipo ulendo uno anafika ali pataye, mimba ikutsogola. Anati atsegula sukulu ya mkaka ku Mocuba, ndipo mabwana a kumeneko akufuna ana awo adziwe Chingerezi mano asanayambe kuguluka. Ankafuna Salome akaphunzitse kumeneko. Malipiro amene anatchula, Yona atawamva anayamba wafuna mpando. Malo ogona analiponso, koma a munthu mmodzi, wopanda mwana.

Lamulo linali limodzi. Ana ambiri pasukulupo anabadwira m'misasa ya othawa nkhondo kuno ku Malawi, choncho Chichewa ankachimva bwinobwino.

"Mukangowayankha kamodzi m'Chichewa, mlongo, Chingerezi chathera pomwepo," anatero a Onesimo. "Makolo akufuna madamu wosamva china chilichonse. Mwana alire, agubuduke, inu mungokhala ngati simukumva."

Mlendo atachoka, Salome anauza mwamuna wake kuti zimenezo sangazithe. Mwana akuitana, iye n'kumayang'ana kudenga? Yona anaseka n'kunena kuti ngakhale ugonthi munthu amachita kuphunzira, ndipo sukulu yoyesererapo anali nayo m'nyumba momwemo. Analoza Mwawi, mwana wawo yekhayo, yemwe anali asanakwane zaka zinayi, ali pakhomo akudyetsa chidole chake dothi.

Mawa lake Yona anabwera ndi zida za pakaunjika: wigi, jekete yofiira, ndi magalasi opanda mphamvu. Masewera ake anali otere. Salome ankalowa kuchipinda ali pachitenje ndi duku, n'kutuluka ali pawigi ndi jekete. Yona ankaimirira ngati wolengeza pawailesi.

"Amayi apita kumsika. Kwabwera amadamu."

Mwawi ankaimirira, manja kumbuyo, n'kuimba gudumoning'i madamu. Akafuna madzi m'Chichewa, amadamu sankamva. Tsiku loyamba analira mpaka amadamu anathawira kuchipinda, amayi n'kubwera msanga kuchokera kumsika opanda ndi tomato yemwe. Koma mwanayo anali ndi mutu. Posakhalitsa ankapempha yekha madzi m'Chingerezi, ndipo azimayi a pampopi ankasiya ndowa zikusefukira kudzaonerera.

Ulendo utayandikira, Salome anachita mantha kuti akalephera, ndiye anawonjezera maola. Amadamu ankafika m'mawa n'kuchoka madzulo. Sabata yomaliza amayi ankabwerako kumsika mwana atagona kale. Tsiku lonyamuka, Salome anavaliratu jekete ndi wigi poti pachipata cha ku Muloza amalemekeza munthu wovala bwino. Mwawi anaima pa depoti ku Limbe n'kutsanzika amadamu mwaulemu wonse. Pobwerera kunyumba anafunsa bambo ake kuti kumsikako amayi akuchedwa chiyani. Yona anamugulira filizesi.

Ku Mocuba sukulu ija inali galaja yopakidwa laimu. Salome anapeza tiana takhala pabenchi, mapazi osafika pansi. Anayamba ndi nyimbo, kenako mayina a ziwalo: mutu, mapewa, mawondo. Chapakati pa m'mawa kamnyamata kena, Everson, kanamukoka jekete n'kunong'ona m'Chichewa cha ku Mulanje kuti kakufuna kukakodza. A Onesimo anali pawindo. Salome anakauza m'Chingerezi kuti kapemphe bwino. Kanabwereza m'Chichewa, miyendo itapingasa. Iye anabwerezanso zake zija. Madzi anatsika m'kabudula mpaka pasimenti, anzake n'kuseka, ndipo Salome sanaphethire ndi diso lomwe. A Onesimo anagwedeza mutu, n'kukauza mkazi wawo kuti ulendo uno apeza madamu weniweni.

Mvula inadula msewu wa ku Milanje, ndiye Salome sanathe kubwera kunyumba mpaka nyengo yachisanu. Wigi anali ataitaya chifukwa cha kutentha kwa kumeneko, koma tsitsi anali atawotcha n'kukhala ngati wigi yomweyo. Magalasi tsopano anali enieni, a kuchipatala. Anafika ndi chikwama cha mpunga, kokonati ndi tinsapato tofiira. Ali chapatali anaona mwana wake pakhomo, atatalika, ndipo anaponya katundu pansi n'kutambasula manja.

Mwawi anaimirira, manja kumbuyo.

"Gudumoning'i madamu."

Anthu a pamdadada anaombera m'manja. Yona anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti fizi ya mwana ameneyu sinapite pachabe. Salome naye anaseka pang'ono. Anagwada n'kumuuza m'Chichewa kuti ndi iyeyo amayi ake, abwera. Mwana anayang'ana bambo ake ngati munthu amene akumutchera msampha. Tinsapato analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza m'Chingerezi.

Yona anati nkhani yaing'ono imeneyo, masewera amene anawayambitsa yekha awatseka yekha. Anatumiza mkazi wake kuchipinda. Salome anavula jekete ndi magalasi, n'kupeza chitenje chake chakale chobiriwira chili pansi pa pilo wa mwana. Anachivala, n'kumanga duku. Yona anaimirira pabalaza n'kulengeza kuti amadamu apita, amayi abwerako kumsika.

Mwawi anayang'ana nkhope, anayang'ana chitenje. Kenako anathamanga n'kuyamba kuchikoka ndi mphamvu zake zonse, akulira.

"Adadi, auzeni avule. Ndi nsalu ya amayi anga."

Salome anavula. Mwana anaipinda mmene amapindira ana, n'kukaibwezera pansi pa pilo.

Holide yonse Salome anayesa zonse. Anamuphikira phala lothira nsinjiro mmene ankalikondera. Anamuonetsa chipsera cha mbaula padzanja lake, chimene mwanayo kale ankakonda kuchisisita. Mwawi ankadya, ankathokoza, ankalola kusambitsidwa ataima chilili ngati ali kusikelo. Koma akangomva mawu oti ndine amayi ako, ankayamba kulira n'kukabisala kuseri kwa bafa. Akagwa n'kusupuka bondo, ankadutsa Salome n'kuthamangira kwa bambo ake.

Madzulo ena Salome anauza mwamuna wake kuti sabwereranso. Yona sanatsutse. Anangokhala akutembenuza wailesi ya eni ake m'manja. Onse awiri ankadziwa kuti mtengo wa mango uja anaupereka kale kwa mphunzitsi wina, ndiponso kuti lendi ndi ufa wa m'nyumbamo zinkachokera m'galaja ya a Onesimo. Kutacha Salome anasita jekete.

Pa depoti ku Limbe basi ya ku Muloza inali itadzaza. Salome anapeza malo a pawindo. Yona ananyamula mwana kuti atsanzike, ndipo Mwawi anatsanzika m'Chingerezi chosalala, mawu onse m'malo mwake. Mayi wina wa dengu la nsomba anafunsa ngati mwanayo ndi wawo, n'kunena kuti ena ali ndi mwayi, ake a Sitandade faifi sadziwa ndi yesi yemwe.

Dalaivala analiza injini. Mwawi anagwira m'mphepete mwa windo, anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba shuga, n'kusendeza kamwa kukhutu kwa Salome. Chibwerere cha Salome, kanali koyamba kumulankhula m'Chichewa.

"Amadamu, kumene mukupitako kuli msika?"

"Uliko."

"Amayi anga mumawaonako?"

Salome anayang'ana Yona. Yona anayang'ana matayala a basi. Mwanayo ankadikira, maso ali gwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere cha Salome sankaoneka woti alira.

"Ndimawaona," anatero Salome.

"Mukawauze kuti nsalu yawo ndasunga."

"Ndikawauza, mwanangu."

Basi inayamba kuyenda. Mwawi anatsika m'manja mwa bambo ake, anaima bwinobwino m'tinsapato take tofiira, n'kuika manja kumbuyo.