Ndinawamba Vayolini ya Sungeni

Ine ndine Zefaniya, woimba ng'oma kutchalitchi kwathu kumtunda kwa Bembeke. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala pang'oma, ndipo palibe Misa ya ukwati kapena ya maliro imene inayamba ine ndisanafike. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindine chitsiru. Zimene ndinachita ndinachita chifukwa ntchito yanga ndimaidziwa.

A bungwe lina lachifundo atabweretsa mavayolini asanu ndi imodzi kuparishi, ine ndinaseka. Anthu tikulira feteleza, iwo akutibweretsera kaligo wachizungu. Anatumizanso mphunzitsi wake, a Collins, mnyamata wa ku Lilongwe wovala majuzi awiri ngakhale masana. Ana ankasonkhana muholo Lachitatu ndi Loweruka, ndipo phokoso lake linali ngati la mbuzi yokodwa m'chingwe. Misonkhano ya makolo anaitanitsa katatu. Ine sindinapondeko, ndinkatuma akazi anga, a Magadalena. Mwana wadzulodzulo andiphunzitse ine za nyimbo?

Koma mwana wanga Sungeni chinthucho chinamulowa m'magazi. Popeza anali wamtali, anamupatsa vayolini yaikulu, yomwe inalipo imodzi yokha, zinazo zinali tating'ono ta ana. Chaka chachitatu, pa Pasaka, anaimirira yekha kutsogolo anthu atatha kulandira, n'kuimba nyimbo yachilendo yopanda mawu. Tchalitchi chonse chinangoti zii. Ine manja anali pamwamba pa ng'oma, ndipo nyimbo yotsatira itayamba ndinaiwala kulowa. Misozi inatsika, ndinanamizira utsi wa lubani. Mwanayo sindinamuuze kanthu, pakamwa panga sipanazolowere kuyamikira.

Zotsatira za Sitandade 8 zitatuluka, Sungeni anakhoza, koma dzina lake silinaoneke pa osankhidwa kupita kusekondale. Masiku omwewo a Collins analengeza kuti akuluakulu a bungwe adzabwera Loweruka lina kudzamvera ana, ndipo awiri adzawatenga kusukulu yogonera komweko ku Lilongwe, kokaphunzira nyimbo pamodzi ndi maphunziro ena onse. Amatenga osapitirira zaka khumi ndi zisanu, ndipo Sungeni anali pomwepo. Khomo linali lokhali. Likatsekeka, ndiye kuti khasu ndi ndowa ya kachewere pamsewu wa tala, kuthamangira maminibasi monga achitira amake.

Sabata yomaliza a Collins anamulola Sungeni kubwera nayo vayolini kunyumba kuti azikonzekera. Inu amene simudziwa Dedza, kwathu kuno nkhungu ikagwira imatha masiku atatu, bulangete limachita kunyowa lili pabedi. Lachisanu masana ndinamupeza pakhonde akupotokola timitengo ta nsambo, nkhope itagwa.

"Ikulira mogontha, Ababa," anatero. "Chinyontho chailowa."

Mumtima ndinati matenda awa ndimawadziwa. Ng'oma ikagona pozizira imalira ngati mphika wosweka. Umayatsa moto wa udzu, n'kumaiwamba pang'onopang'ono uku ukuigogoda ndi chala, mpaka mawu atabwerera. Ndinaphunzira kwa malume anga ndisanamere ndevu, ndipo njirayi sinandiphonyepo. Zaka zitatu mwanayu sindinamuchitire kalikonse pa kuimba kwake. Ndinafuna kuti patsiku lake lalikulu pakhalenso dzanja la bambo ake.

Loweruka m'mawa amake anatsikira kudimba kukathyola mpiru, Sungeni analowa kubafa. Ndinazula udzu wouma kutsindwi la khola, ndinayatsa kuseri kwa nyumba, ndinatulutsa vayolini m'bokosi mwake. Inali yopepuka, ndinachita nayo mantha pang'ono. Ndinaigwira patali ndi moto monga ndichitira, kuitembenuza, kugogoda, kumvetsera. Mawu ankaoneka ngati akubwera, ndiye ndinaisendeza pafupi. Panatuluka fungo lokoma ngati la utomoni, ine n'kumati eya, yayamba kudzuka. Kenako ndinaona vanishi wa kumsana kwake akutukusira matuza. Ndisanaibweze, inangoti thwa. Guluu anasungunuka, nsambo zinakoka khosi lake n'kulipinda, ndipo kamtengo kamene kamakweza nsambo kanadumphira m'moto.

Sungeni anandipeza nditagwada, ndikufukula phulusa ndi manja. Madzi anali akudontha m'tsitsi mwake.

"Ababa, mwatani?"

"Ndimaiwamba," ndinatero.

Sanalire. Anailandira m'manja mwanga, anaigoneka m'bokosi, khosi analiika pambali pake, n'kutseka. Amake atafika ndi mpiru anangokhala pansi pomwepo.

"Aphunzitsi ananena pamsonkhano, bambo a Sungeni. Moto ayi, dzuwa ayi. Misonkhano yonse itatu ananena."

"Nanga bwanji simunandiuze?" ndinakalipa, chifukwa munthu wolakwa ndiye amakweza mawu.

"Munati za kaligo musamve."

Tinapita kuholo wapansi, Sungeni patsogolo ndi bokosi lake, ife pambuyo. Kunali kutadzaza. Makolo, akatekisiti, anzanga onse a kwaya, ngakhale ena amene sadziwa kusiyanitsa nyimbo ndi kulira kwa chigayo, onse anabwera kudzaona galimoto ya alendo. Alendowo anali atatu, wamkulu wawo mayi wa imvi wovala magalasi, atakhala patebulo ndi mapepala.

A Collins anatsegula bokosi. Anthu anayandikira, fungo la kupserera linamveka holo yonse.

"Sungeni, chachitika n'chiyani?"

Mwana wanga sanacheukire kwa ine. Anayang'ana pansi n'kunena momveka bwino, "Ndinaisiya pafupi ndi moto, aphunzitsi. Ndinaiwala."

Ine ndinali pambuyo pake penipeni, chipewa chili m'manja. Pakamwa ndinatsegula ndithu, Mulungu ndi mboni. Koma ndinaona anzanga a kwaya atatambasula makosi, ndipo m'makutu mwanga ndinamva kale dzina limene akanandipatsa, Zefaniya wowotcha vayolini ngati chimanga chachiwisi. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ulemu. Ndinatseka pakamwa.

Anamubwereka kavayolini ka mwana wa Sitandade 4. Zala zake zinazolowera yaikulu, ndiye pa kakang'onoka zinkatera patali, mawu aliwonse akuphonya pang'ono. Ena mwina sanamve, koma ine khutu ndili nalo, ndipo kuphonya kulikonse kunkandibaya. Anaimba mpaka kumapeto osaima, anawerama, anakakhala pansi.

Anthu atatuluka, a Collins anatsalira kuchonderera alendo. Ine ndinaima pakhomo ngati ndikudikira akazi anga, ndipo zonse ndinamva.

"Kuimba si nkhani," anatero mayi wa imvi uja. "Tinamumva pa zimene munajambula pafoni yanu, tikudziwa kuti amaposa onse. Za lerozi tikanazikhululukira. Koma kusukuluko adzam'patsa vayolini yoposa iyi, yochita kupempha kwa anthu. Mwana amene waphunzira zaka zitatu n'kukaisiya pamoto, tikamutenga tikanena chiyani kwa amene amatipatsa?"

Apa ndiye panali poti ndilowe. Masitepe anayi okha, mawu asanu okha. Ndinayang'ana akatekisiti amene anali akukonza mabenchi chapafupi, ndinati ndidikire atuluke kaye. Akatekisiti sanatuluke msanga. Alendo analonga mapepala awo, anakwera galimoto, ndipo mayina awiri amene anatenga sanali a mwana wanga.

Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munali ngati mwagwa maliro. Sungeni ankandipatsa madzi osamba atagwada monga mwa masiku onse, osandinena, osandiyang'ana. Kunja ndiye anthu ankamudya. Azimayi kuchitsime ankati atsikana amakono ndi osasamala, mwayi wotere kuuponya pamoto. Mwana wanga ankangosenza ndowa yake. Ine ndinkachita manyazi ngakhale ndi galu wanga.

Lamulungu lachiwiri, Misa itatha, sindinathenso kupirira. Ndinawaimitsa a Collins pabwalo la tchalitchi, anthu ali pomwepo, ndipo ndinanena mokweza kuti wina asadzati sanamve.

"Aphunzitsi, mwana uja ananama. Vayolini ndinawamba ndine, monga tiwambira ng'oma."

Wina kumbuyo anayamba kuseka, anzake anamutsatira, ena anabisa nkhope m'zitenje. A Collins sanaseke. Anandiyang'ana m'maso.

"Bambo, mukananena tsiku lomwe lija, akanamutenga. Mayi aja amafuna chifukwa chimodzi chokha choti amutengere."

"Aimbireni foni lero."

"Ndiimba, ndilembanso kalata. Koma malo anali awiri, ana aja alandira kale makalata awo, mayunifolomu asokedwa. Chaka chamawa Sungeni adzakhala atapitirira zaka."

Anaimbadi, analembadi. Yankho linabwera patatha masabata awiri, laulemu kwambiri, lodandaula nafe, lopanda malo.

Dzina lija ndinalilandira monga ndinaopera. Pofika madzulo a Lamulungu lomwelo linali litatsika kale mpaka pamsewu, ndipo anyamata a kabaza akandiona amafunsa ngati ndili ndi gitala yoti awotche. Zimenezo ndimapirira, ndi zanga.

Chimene sindipirira ndi chimene Sungeni anandiuza titafika kunyumba tsiku limenelo. Ndinkayembekeza kuti mwina mtima wake upepuka, poti dzina lake layera. Anali pakhonde akusankha kachewere woti akagulitse m'mawa mwake, wamkulu uku, wamng'ono uku. Sanakweze mutu.

"Ababa, ine ndinanama kuti anthu asakusekeni," anatero. "Sukulu ndinaitaya, ndinati chabwino, bola Ababa ulemu wawo ulipo. Tsopano sukulu ndilibe, ndipo akukusekaninso. Ndiye ine ndinataya chifukwa cha chiyani?"

Ndinaima pomwepo ndi chipewa changa. Iye anadzaza ndowa, anaisanja bwino pamwamba kuti ioneke yodzadza, n'kukoka ina.