Ngalande ya Pansi pa Linga la Vasitana

Chilimwe chimenecho ife asilikali a ku Makedoniya tidazinga mzinda wa Vasitana, ku Sogidiyana, mpaka milomo kuchita kung'ambika ndi dzuwa. Mfumu ya Aperezi inali itafa kale, koma anthu ake a ku Sogidiyana ankakana kugonja. Makina athu ankaponya miyala, linga osagwedezeka, eni ake ali pamwamba kumatitukwana.

Tsiku lina ine ndi alamu anga a Koragosi, chimunthu chonenepa chimene ndidachoka nacho kwathu ku Makedoniya, tidapita kukatunga madzi kumtsinje wolowa mumzindamo. Tidapeza utaphwa. Pamene unkadutsa pansi pa linga padangotsala chiboo chakuda bii.

"Alamu, mukuona zimene ndikuonazi?" ndidafunsa.

"Ndikuona khomo," adatero, mano ali mbee.

Mkulu wa gulu lathu, a Balakirosi, atamva adalumpha ngati mwana. Adalamula kuti asilikali onse akasokose kuchipata ndi malipenga ndi makwerero, ife ochepa tikwawe m'ngalandemo dzuwa lili paliwombo.

Tidakwawa chafufumimba, fumbi lili koboo, a Koragosi patsogolo. Kuwala kutayamba kuoneka, adaima.

"Tiyeni, alamu!" ndidanong'ona.

"Ndapanikizika."

"Nkhosa za eni munkameza zija ndi zimenezi!"

"Kankhani, pakamwa mutseke!"

Ndidatsamiza phewa pamatako pawo, anzanga kumbuyo n'kumakankha ine. Chovala chawo chachitsulo chidalira pamwala, kenaka phu! adatulukira mkati, n'kugwera pamapazi pa msilikali wina wa adani amene adasenza dengu la mivi. Munthuyo adataya dengu, liwiro.

Tidatuluka mmodzimmodzi n'kuthamangira kuchipata. Adani onse maso anali kunja. Pamene ankatembenuka, ife tinali titagwira kale mtanda wotsekera zitseko. Unali wolemera zedi, miyala ikutigwera ngati matalala. A Koragosi adalowa pansi pake, adabuula, adaunyamula ndi msana.

"Tsegulani, ana inu, ndikuthyoka!"

Zitseko zidakanuka. Ndidaona mikondo yathu italiitali ikulowa ngati nkhalango yoyenda, ndipo ndidakuwa mpaka mawu kutha. Dzuwa lisanapendeke mzinda unali m'manja mwathu.

Mwala wina udawaphwanya phewa alamu angawo, moti mkondo sadaugwirenso. Akuluakulu adawasiya komweko pamodzi ndi ovulala ena kuti azilonda mzindawo. Ife tikunyamuka ulendo wa ku Indiya, adatiperekeza mpaka pachipata, dzanja lili m'nsalu, akundikalipira kuti ndisakafe chopusa, chifukwa mlongo wawo, amene ndi mkazi wanga, sangawakhululukire.